Maggie Sanabwere

Absalom Chikadza sagwira munthu asanafunditse manja. Amawapisa m'khwapa, n'kuwerenga chamumtima mpaka makumi awiri, kenako ndiye n'kupereka moni. Amatero kwa mwana, kwa abusa, ngakhale kwa nkhalamba yoti thupi linaleka kumva kalekale. Iye amati manja ozizira ndi mwano. Tsiku limene apolisi anadzam'tenga ku Wigston, oyandikana nawo nyumba akuti anamuona akupisa manja m'khwapa asanawapereke ku unyolo.

Ine ndine Scholastica. Ndakhala ku Leicester zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndipo ndasambitsa azungu okalamba ochuluka kuposa anthu a m'mudzi mwathu. Pano ndine wokonza rota, ndandanda ya mashifiti, pa kampani ina yotumiza anthu osamala nkhalamba m'makomo. Ndinene poyera chimene ndinachita, pakuti nkhani yonse yagona pamenepo. Absalom anapempha asailamu, chitetezo cha othawa kwawo, zaka zinayi zapitazo, yankho silinabwere, ndipo lamulo silimulola kugwira ntchito. Mlamu wanga Mapopa ali ndi mapepala, koma ntchito yopukuta anthu amaiona yonyozeka. Ndine ndinawalumikiza. Masiku ena Absalom ankavala baji ya Mapopa, kunyamula foni ya kuntchito ya Mapopa, n'kukasaina pa dzina la Mapopa. Nkhalamba zambiri sizisiyanitsa nkhope zathu. Zikasiyanitsa, palibe amazikhulupirira.

Jameson, mwini nyumba imene Absalom ankagonamo, anawomberedwa Loweruka cha m'ma 3 koloko masana, akuyanika zovala kuseri kwa nyumba yake. Inali sabata ya makombola, ana a azungu akuphulitsa zinthu dzuwa lisanalowe n'komwe, choncho palibe anadzidzimuka. Chipolopolo chinali chimodzi, cha pachifuwa, ndipo dokotala wa apolisi anati chinali cha pisito, mfuti ya m'manja. Apolisi anawerengera motere: pisito siponya patali, ndiye wowomberayo anaima pafupi. Geti la kuseri linali lokhoma. Makiyi a nyumba anali awiri, wa Jameson ndi wa Absalom. Ndipo Lachisanu anthu anawamva awiriwo akukalipirana nkhani ya hita, imene Absalom ankaisiya yoyaka.

Pa 3 koloko ya Loweruka limenelo Absalom anali ku Oadby, akumeta ndevu za nkhalamba ina dzina lake a Pickering. Ndikudziwa chifukwa ndinam'tumako ndine. Koma kompyuta ya kampani ikuti kunali Mapopa.

Lachiwiri Absalom anandiimbira kuchokera kundende.

"Anti, mwaswera bwanji?"

"Usandifunse za kuswera. Wawauza kuti unali kuti?"

"Ndinali kuyenda m'paki."

"Paki iti?"

"Nawonso andifunsa choncho." Anaseka pang'ono, kuseka kouma. "Anti, mafoni a kuno ali ndi makutu, ndipo makutuwo amalemba ntchito omasulira. Mwala umene mukufuna kutukulawo, pansi pake tilipo ambiri. Usiyeni."

"Akupatsa zaka makumi atatu, iwe."

"Sindinaphe munthu. Adzaona okha."

"Unaonapo kuti akuona okha?"

Foni inaduka. Nthawi yake inali itatha.

* * *

Lachitatu m'mawa ndinakwera basi ya ku Wigston. Kuseri kwa mzere wa nyumba za kwa Jameson kuli timadimba ta khonsolo, timene anthu amabwereka n'kudzalamo anyezi ndi kabichi. Ndinkadziwa kuti mmodzi mwa alimi ake ndi a Gaffar, mmwenye wobadwira ku Limbe, amene anabwera kuno mu 1976 ndipo Chichewa amachisunga ngati suti ya ukwati, yovala mwa kamodzikamodzi.

Ndinawapeza akukumba mbatata yakachewere, atavala zipewa ziwiri.

"Amayi a kwathu," anatero. "Lankhulani pang'onopang'ono, Chichewa changa chachita dzimbiri. Mwabwera nkhani ya mnyamata wamtali uja. Amandinyamulira manyowa. Sangaphe nkhuku ameneyo."

"Apolisi anakufunsani?"

"Anandifunsa. Mwaona munthu pa geti? Ayi. Mwaona munthu ali ndi pisito? Ayi. Zikomo bambo, tsalani bwino. Funso likakhala lopindika, amayi, yankho lowongoka silithandiza."

"Nanga mukanafunsidwa bwino mukanati chiyani?"

Anazika fosholo pansi. "Makombola ndimawadziwa, amalira mokuwa. Ichi chinali china. Chinangoti phu, ngati wagwetsa thumba la mchere pa simenti. Kenako chitsulo, kwakata, ngati kabati ya ndalama ya m'sitolo ya bambo anga. Kamodzi basi. Chinachokera uko." Analoza kashedi kakugwa kumapeto kwa madimba.

"Munaona munthu?"

"Anadutsa pano pomwe. Jekete lakuda, chipewa chake chofika m'maso, sikafu kukamwa. Wamfupi, wa mapewa. Ananyamula chikwama cha mbedza. Ndinawauza apolisi zimenezo, analemba, koma anati kumeneko n'kutali, pisito singafike. Ine ndinangodabwa kuti mbedza yake ndi yaifupi bwanji. Chikwama chonse kuchokera pansi kufika m'chiuno."

"Mzungu?"

"Kanjira aka n'kopapatiza. Ndinali ndi wilibala, ndinam'patukira. Mzungu akanati chiyazi, zikomo yawo ija, kapena kungodutsa ngati ndine mtengo. Uyu anawerama pang'ono, dzanja pachifuwa. Thupi linachita lokha, mwini wake asanaganize."

"Anati zikomo?"

"Ayi." A Gaffar anandiyang'ana. "Anati yewo. Mawu amenewo ndinawamva komaliza kwa madalaivala a malole a ku Mzuzu, akamatsitsa katundu pa sitolo yathu. Apolisi sindinawauze. Ndikanawauza bwanji, m'Chingerezi mulibe."

Absalom ndi wa ku Ntcheu. Pa Amalawi onse amene ndimawadziwa kuno, a kumpoto aamuna alipo anayi, ndipo wamfupi wa mapewa ndi mmodzi.

Ndinapita ku kashedi kaja. Pa mpanda wa mitengo panali mpata wokwana mutu wa munthu. Nditasuzumira ndinaona chingwe cha Jameson, malaya awiri akadali pomwepo, atauma gwa ndi chisanu. Ndinayenda m'mbali mwa mpanda ndikuwerenga. Mapazi makumi asanu ndi atatu.

Sindidziwa za mfuti, koma ngakhale ine ndinaona kuti apolisi sanali opusa. Ndani angalase chifuwa cha munthu pa mtunda wotero ndi kamfuti ka m'manja?

* * *

Maliro a Jameson tinkakhalira m'holo ya tchalitchi, podikira kuti apolisi atulutse thupi. Masana amenewo ndinapeza amayi akuimba motopa, abambo ali pakona ndi mafoni awo. Amene ankazungulira ndi ketulo ya tiyi, atavala tayi yakuda, anali Mapopa.

Mng'ono wanga Vailet, mkazi wake, anam'thawa mu Ogasiti, Mapopayo atam'thyola dzino. Anakakhala ku Normanton, ku Derby, ndipo aliyense m'holo imeneyo ankadziwa kuti galimoto ya Jameson inkagona kumeneko Lamlungu lililonse. Palibe anazitchula kwa apolisi. Ife timati za m'banja sizitulukira pakhomo. Komanso wapolisi wofufuza, Sajeni Hajra, anali atafunsa kale za Mapopa, ndipo kampani inam'patsa pepala losonyeza kuti anali ku Oadby kuyambira 1 koloko mpaka 5. Pepalalo ndinasindikiza ndine.

Ndinam'tsatira kukhitchini.

"Alamu," anatero, osatembenuka. "Shuga awiri, eti? Kapena adokotala anakuletsani?"

"Loweruka unali kuti?"

"Ku shifiti. Zinalembedwa."

"Ukulankhula ndi amene analemba."

Anatsuka kapu, n'kuipukuta bwinobwino. "Ndiye mukudziwa kuti zinalembedwa bwino. Ndinali kunyumba, alamu, msana. Koma zimenezo tikazinena, kampani itsekedwa. Atsikana anu aja asanu ndi awiri, a maviza a keya, osamala nkhalamba, abwerera ku Chileka ndi zikwama za pulasitiki. Inuyo akulandani chitupa chokhalira kuno, mwinanso kukutsekerani. Zaka zonsezi kupukuta azungu, n'kukafera pa mnyamata wa ku Ntcheu?"

"Sanaphe munthu."

"Mukudziwa bwanji? Mwina anathawako pang'ono ku Oadby kuja. Ndi mphindi khumi pa basi." Anandipatsa kapu. "Mverani ine, ndinagwira mfuti zaka zisanu ndi zinayi ku Vwaza, ndikuthamangitsa opha njovu. Pisito ndi chidole. Mapazi makumi awiri, kupitirira apo ukungoopseza mbalame. Amene anawombera Jameson anaima m'bwalo momwemo. Apolisi akunena zoona."

Sindinam'funse za pisito. Anayamba yekha.

"Akazi anga abwera liti kudzalira chibwenzi chawo?" anafunsa, mawu ali ofewa.

"Si akazi ako."

"Ng'ombe za bambo anga sizinabwerere. Ndamva kuti abwera Lachisanu ku mapemphero. Akwera sitima kapena basi? Ndikhoza kukawachingamira."

"Ali ndi miyendo."

"Yewo, alamu," anatero, n'kunyamula ketulo yake.

Tiyi uja ndinam'thira m'sinki.

* * *

Lachinayi shifiti ya kwa a Pickering inalibe munthu. Absalom anali m'ndende, Mapopa anati ali pa maliro. Ndinaikava ndekha.

Nyumba yake ndi yaikulu, ya m'misewu ya Oadby imene anthu sayenda pansi. A Pickering ali ndi zaka makumi asanu ndi atatu kudza zinayi, anagwa sitiroko chaka chatha, mwana wawo mmodzi yekhayo ali ku Australia. Ndinali ndisanalowemo chiyambire Juni. Ndinawapeza pa mpando wa pawindo, ndevu zitamera.

"Ndiwe ndani?" anafunsa m'Chingerezi.

"Scholastica. Bwana wa Mapopa."

"Mapopa uti? Alipo awiri."

"Alipo mmodzi, a Pickering."

"Wa manja ofunda ndi wa manja ozizira. Ndakhala ndikunena. Mumangolemba m'buku mwanumo."

Buku la malipoti linali pa tebulo. Ndinkadziwa zimene zinalimo. Mwezi wa Seputembala namwino wa boma anawerenga kuti nkhalambayi ikuona anthu awiri mwa munthu mmodzi, anandiimbira, ndipo ine ndinavomera kuti mutu wayamba kusokonekera. Anawawonjezera mankhwala. Zimenezo ndinachita ndine, ndipo sindipempha kuti wina andimvere chisoni.

Ndinatsegula masamba a sabata imeneyo. Lachinayi lapitalo panali dzanja la Mapopa weniweni: adya bwino, asamba. Kuyambira Lachisanu, dzanja la Absalom ndi la atsikana a m'mawa, mawu amodzimodzi tsiku lililonse. Akufunsa Maggie. Akulira Maggie. Akuti Maggie sanabwere.

Tonse tinkadziwa za Maggie, kapena tinkayesa kuti tikudziwa. Nkhalamba yamasiye ikamatchula dzina la mkazi, kwathu sufunsa kuti ameneyo ndani. Umangoti pepani, ali m'manja mwa Mulungu, n'kupitiriza kupukuta. Miyezi khumi ndi inayi tinkawapepesa a Pickering.

Ndikutenga lumo pa shelefu ndinaona kapepala ka mwambo wa maliro, katatsamira chithunzi cha ukwati. Ndinawerenga dzina. Eileen Rose Pickering.

Ndinakhala pansi.

"A Pickering, akazi anu anali ndani?"

"Eileen. Anamwalira kale, usandiuze ngati sindikudziwa."

"Nanga Maggie?"

Nkhope inasintha. Maso amene anali ngati madzi a mpunga anawala. "Palibe anandifunsapo, kupatula wa manja ozizira uja. Tsegula kabati iyo, utenge kabokosi kofiira."

Kanali kabokosi ka katoni, kopepuka, kopanda kanthu. Pamwamba panalembedwa manambala atatu ndi liwu limodzi: 357 Magnum.

"Maginamu," anatero. "Maggie. Eileen ndiye anam'patsa dzinalo, ankati ndi mkazi mnzake."

"Ndi pisito?"

"Pisito? Mtsikana iwe, mapisito boma linatilanda mu 1997. Ndinapereka anga atatu ku polisi ndikulira ngati mwana. Tonse a ku kalabu yowombera tinatsala ndi zipolopolo za pisito, ndi malo owomberera omangidwira zipolopolo za pisito, opanda choponyera. Ndiye tinagula makabaini. Kabaini ndi mfuti ya paphewa, koma yaifupi, yopepuka. Yangayo ndi ya mtundu umene umadya zipolopolo za pisito. Lamulo limalola, bola ikhale yokoka ndi dzanja ukawombera kamodzi. Ili ndi chogwirira pansi, umachitsitsa n'kuchibweza."

Anachita ndi dzanja lake labwino lija, pansi, m'mwamba. Pakamwa anatulutsa kaphokoso. Kanali kaphokoso ka kabati ya ndalama ya bambo a Gaffar.

Munthu amene sankakumbuka ngati wadya m'mawa analankhula mphindi khumi osapunthwa. Anati anyamata amainyoza mfuti yotere, amati si pisito si mfuti yaikulu, ili pakati ngati mleme. Koma iwo ankaona kuti ubwino wake uli pakati pomwepo. Simenya phewa, moti Eileen, amene anali ndi nyamakazi, ankawombera nayo tsiku lonse. Zipolopolo zake n'zotchipa. Siboola makoma a kalabu. Siphokosera ngati mfuti ya asilikali, makamaka ukaika zipolopolo zofatsa, chifukwa wonga umapsera m'kati mwa mpope wautaliwo m'malo mophulikira kunja. Ndipo chipolopolo chomwecho chimene pa pisito chimasochera, pa kabaini chimamvera, popeza wagwira ndi manja awiri ndi phewa, diso likuyenda pa mpope wautali.

"Pa nyama zazikulu zakutali siyenera," anatero. "Ukapitirira mayadi zana limodzi chipolopolo chimayamba kugwa ngati mwala. Munthu woona mtima amadziwa malire a chida chake. Koma pa mayadi makumi asanu ndinkaika khumi m'kasosala ka tiyi."

"Nanga pa mapazi makumi asanu ndi atatu? Chinthu chachikulu ngati pilo?"

Anandiyang'ana ngati ndawatukwana. "Ngakhale iwe, nditakuphunzitsa masana amodzi."

"Dokotala atachotsa chipolopolocho m'thupi, anganene kuti chachokera mu chiyani?"

"Poyamba anganene kuti pisito. Aliyense angatero. Akatswiri a ku labu angadzaone kusiyana, akapatsidwa nthawi, ndiponso akadziwa choti ayang'ane." Anaima. "M'thupi la ndani?"

Ndinafunsa kumene Maggie amagona.

Kabati yachitsulo inali pansi pa masitepe, kuseri kwa makoti a Eileen. Mwana wawo anauza kampani kuti mfuti zonse zinagulitsidwa. Zinagulitsidwa zonse kupatula imodzi, chitupa chake chikadali ndi chaka. Kiyi ankakhala m'chitini cha mabatani, ndipo a Pickering anati anauza munthu mmodzi yekha, wa manja ozizira uja, chifukwa munthuyo ankamvetsera, ankadziwa kugwira mfuti mwaulemu, ndipo analonjeza kukam'pukuta Maggie ndi mafuta abwino n'kum'bweza Lolemba.

Ndinatsegula. Munali fungo la mafuta, nsanza yachikasu, ndi malo opanda kanthu, otalika kuchokera pansi kufika m'chiuno mwanga.

"Zimalowamo zipolopolo zingati?" ndinafunsa ndili chogwada.

"Khumi."

A Gaffar anamva kulira kumodzi. Lolemba linadutsa, mfuti sinabwerere. Munthu wochenjera ngati Mapopa, akanakhala kuti wamaliza, akanaibweza pamalo pake n'kutseka, ndipo palibe akanadziwa mpaka nkhalambayo itamwalira.

Mawa lake linali Lachisanu.

"Abwera naye Maggie?" anafunsa a Pickering kuchokera pa mpando. "Ndikudziwa kuti mumati ndapenga."

Ndinabwerera, ndinawapaka sopo kumaso. Manja anga anali ozizira, ndipo anachita tsinya.

"Simunapenge," ndinatero. "A Mapopa alipo awiri."

Anatseka maso. Ndinawameta mwakachetechete.

* * *

Vailet ndinamuimbira ndili pa siteji ya basi.

"Mawa usabwere."

"Achemwali, ndisalire munthu amene..."

"Udzalira chaka chamawa. Tuluka m'nyumbamo tsopano lino, upite kwa mnzako wa ku Zambia uja, amene Mapopa sadziwa kwawo. Usayime pawindo."

Vailet si wopusa. Anakhala ndi mwamunayo zaka khumi ndi chimodzi.

"Mukawauza apolisi, inuyo zikutherani bwanji?"

"Zimenezo ndi zanga."

M'basi ndinayesa njira zonse, monga ndimachitira ndi rota ikasowa munthu. Ndikanatha kuimba foni osatchula dzina, n'kunena za kabaini. Akanapita ku Oadby, akanapeza kabati yopanda kanthu, n'kufunsa kuti ndani ankalowa m'nyumbamo. Kompyuta ikanati Mapopa, ndipo kompyuta yomweyo ikanati pa 3 koloko Loweruka Mapopa anali kumeta nkhalamba. Mboni yotsutsa ikanakhala nkhalamba imene ine ndinaisainira kuti mutu wake sukuyenda. Bodza langa linali khoma, Mapopa ali kuseri kwake, Absalom ali kunja. Panalibe njira yogwetsera khomalo ine osaphwanyika nalo.

Atsikana asanu ndi awiri aja ndinawaganizira. Maviza awo ndi enieni, ntchito yawo ndi yeniyeni, mwina kampani ina ingawatenge. Mwina ayi. Ndinawalembera uthenga umodzi, woti asunge mapepala awo onse a malipiro ndipo mawa afunefune loya. Sindinafotokoze. Adzanditukwana, ndipo adzakhala ndi chifukwa. Absalom nayenso sadzandithokoza. Akadzatuluka pa mlandu wakupha adzapeza a zolowa ndi kutuluka akum'dikira pa nkhani yogwira ntchito mobisa. Koma munthu angathe kulimbana ndi ndege ali kunja. Zaka makumi atatu salimbana nazo.

Ndinafika kunyumba 4 koloko, kunja kutayamba kale kuda monga kumachitira mwezi uno. Khadi la Sajeni Hajra linali pa chitseko cha fuliji, pamene ndinalipanikiza tsiku limene ndinam'patsa pepala labodza. Ndinaimba.

"Mayi Scholastica. Mwakumbukira china?"

"Mukufuna mfuti yolakwika, ndipo mwagwira munthu wolakwika. Tumizani anthu kwa Mapopa Gondwe tsopano, koma asapite chimanjamanja, iyeyo ali ndi zipolopolo zisanu ndi zinayi. Zotsalazo ndikuuzani pamaso. Ndikubwera ndi foni imene ili ndi mauthenga onse a amene ankapita kuti, tsiku liti."

"Pepala lija munandipatsa..."

"Ndi limene ndikubwerera."

Anapuma. "Mukudziwa kuti mungafunike loya?"

"Ndikudziwa kuti mwina sindigona kwathu."

Ndakhala ndikulongedzera anthu zikwama za kuchipatala theka la moyo wanga, ndiye ndimadziwa zimene munthu amafuna akapita kumalo kumene sadziwa tsiku lotuluka. Mankhwala a BP a mwezi wathunthu. Magalasi owerengera. Zovala zam'kati zisanu, masokosi aubweya, juzi yopanda zingwe chifukwa zingwe amalanda. Mswachi. Chitenje chimodzi. Pamwamba ndinaika buku la malipoti la a Pickering ndi kabokosi kofiira kaja, nditakakulunga m'pepala la pulasitiki. Pasipoti ndinaitulutsa, ndinaiyang'ana, ndinaibwezera m'chikwama. Adzaifuna, ndipo sindifuna kuti adzagudubuze nyumba yanga poisaka.

Ndinazimitsa hita, ndinataya mkaka, kiyi ndinam'ponyera m'bokosi la makalata la mayi woyandikana nane. Chikwama chinali chopepuka kuposa chimene ndinabwera nacho m'dziko lino.

Pakhomo ndinachiika pansi kaye. Ndinapisa manja m'khwapa, ndinawerenga mpaka makumi awiri, kenako ndinachinyamula.